Magetsiwa ali ndi njira ziwiri, musaziphatikize

Alembi, mwati magetsi amakoka madzi m'zomera makina akamafinya, koma apa mwasakaniza njira ziwiri. Ija amati PEF, ya magetsi amphamvu ongothwanima kanthawi kochepetsetsa, sikoka madzi ayi. Imaboola timabowo pa khungu la maselo, ndiye mukafinya maapulo kapena beet wa shuga (chomera chomwe amapangira shuga), madzi amatuluka mosavuta osayamba mwawiritsa. Yokoka madzi ndi electro-osmosis, momwe magetsi amayendetsa madzi kuchoka mbali ya positive kupita mbali ya negative, yomwe wasayansi wina dzina lake Reuss anaifotokoza ku Moscow mu 1809.

Ndipo yachiwiriyi ili ndi vuto lomwe simunalitchule. Mbali ya positive imauma msanga, magetsi n'kuyamba kuvutika kudutsa. Pomweponso pamapangika asidi amene amadya chitsulo chodutsitsa magetsicho, ndipo ngati mukufinya chakudya, zitsulozo zingathere m'mimba mwa anthu. N'chifukwa chake ena amasinthasintha mbali za magetsi.

Inu amene mukuti bwanji osangoumitsa ndi moto, dziwani kuti kusandutsa kilogalamu imodzi ya madzi kukhala nthunzi kumadya mphamvu zokwana makilojoule pafupifupi 2,260. Madzi otuluka pofinya safuna zonsezo. Komabe chowumitsira chimafunikabe kumapeto, chifukwa madzi ena amakanirira mkati ngakhale mufinye bwanji.