Mafuta sangachepe majumbo akadali mbwee

Nkhani yanuyi yanena zoona kuti pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta okumba pansi, ndiye kumukonzanso kungachepetse kufunika kwa mafutawo. Koma tisafulumire kusangalala. Bungwe la OECD, loona za chuma ndi chitukuko cha mayiko, linapeza kuti padziko lonse, ndi 9 peresenti yokha ya zinyalala za pulasitiki imene imakonzedwanso. Komanso mafuta akatsika mtengo, pulasitiki watsopano amatchipa, mafakitale safunanso wakale.

Kuno ku Mulanje amayi ogulitsa thobwa amatsuka mabotolo n'kuwagwiritsanso ntchito, ndipo ndimawayamikira kwambiri. Chondiwawa ndi majumbo opyapyala. Boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma kafikeni pamsika wa Limbuli mvula ikagwa, mukaone mmene amatsekera ngalande. Aboma, tayambirani pamenepa.