TinyWall ndi yokwanira pa makompyuta athu akale

Akuluakulu, nkhani yanu ndaiwerenga, koma pamene mwati aliyense aike pulogalamu yaikulu ya chitetezo sindikuvomereza. Makompyuta ambiri kuno ku Chipata tinagula ogwiritsidwa kale ntchito, a RAM (memori yogwirira ntchito) yochepa, ya 4GB. Mukawasenzetsa zolemera amayamba kukwawa.

Firewall ya Windows, yomwe ili ngati mlonda pakati pa kompyuta ndi intaneti, imatseka bwino zolowa, koma zotuluka imangozilola. Bandulo ya MTN kapena Airtel imathera pamenepo, mapulogalamu akutsitsa zinthu mwakachetechete inu osadziwa, ndipo kwacha ndi yosowa masiku ano. Ine ndinaika TinyWall, yaulere ndiponso yopepuka. Imatsekera pafupifupi pulogalamu iliyonse intaneti mpaka mutailola nokha, ndipo siivutitsa ndi timauthenga pa sikirini. Mukangoika, lolani Chrome ndi WhatsApp msanga, apo ayi mudzaganiza kuti netiweki yathawa. Defender, pulogalamu ya Windows yolimbana ndi mavairasi, musaizimitse, ntchito yake ndi ina.