Abusa ndi wampira ku Georgia

(Disembala 2022. Yohane ali ku Atlanta, mzinda wa m'dera la Georgia ku Amereka, waimbira bambo ake ku Dedza pa WhatsApp.)

BAMBO: Iwe Yohane, mvula yagwa, anzanga abzala kale. Foni yako mwezi wathunthu zii!

YOHANE: Pepani ababa, kuno tinatanganidwa ndi chisankho cha Senate, nyumba ina ya malamulo ya kuno.

BAMBO: Si unandiuza kuti mwavota mu Novembala?

YOHANE: Eya, pa 8. Koma a Raphael Warnock, omwe anali kale pampando, anapeza mavoti 49 pa 100 aliwonse, a Herschel Walker 48. Lamulo la Georgia limati upitirire theka, ndiye tabwereza pa 6 Disembala.

BAMBO: Ohoo, 50+1! Aonera kwa ife amenewo. Tipeksi anamupezanso?

YOHANE: Ayi ababa. Kunali wachitatu, Chase Oliver, ndiye anadya mavoti otsalawo.

BAMBO: Woteroyo sasowa. Nanga Warnockyo ndi mwana wa yani?

YOHANE: Ndi abusa a mpingo wa Ebenezer Baptist, pomwe ankalalikira Martin Luther King.

BAMBO: Abusa? Nakonso? Uwauze anzakowo aguliretu shuga ndi sopo. Ife tinavotera abusa mu 2020, ufunse amako mtengo wa mafuta ophikira.

YOHANE: Winayo, Walker, ndi katswiri wakale wampira, wothandizidwa ndi a Trump.

BAMBO: Anagoletsa zingati?

YOHANE: Mpira wa kuno amaunyamula m'manja n'kumathamanga nawo.

BAMBO: Handibo! Munthu wakulira handibo, lero akufuna akapange malamulo? Refa anali kuti?

YOHANE: Mverani izi. Pamsonkhano wina anauza anthu kuti waonera filimu, ndipo sakufunanso kukhala namapopa, bola akhale munthu uja amasanduka mmbulu usiku.

BAMBO: Anayankhula yekha? Pa chimkuzamawu? Dzuwa likuswa mtengo?

YOHANE: Makamera ali pomwepo.

BAMBO: Koma Azungu!

YOHANE: Onse awiri ndi akuda ngati ife, ababa.

BAMBO: Ndiye anakulira kutali ndi agogo ake. Kuno wosanduka fisi amakana mpaka kwa amfumu, ngakhale mchira ukuonekera. Chabwino, nsalu anagawa zingati? Amako akufuna ya ku Amereka.

YOHANE: Kulibe nsalu. Lamulo la 2021 limaletsa ngakhale kupatsa madzi munthu amene ali pamzere wovota.

BAMBO: Madzi akumwa?

YOHANE: Akumwa.

BAMBO: Nsalu ayi, kanganyase ayi, madzi ayi. Ndiye anthuwo amadzukiranji m'mamawa kawiri konse?

YOHANE: Mfundo, ababa.

BAMBO: Mfundo amathira m'munda? Wapambana ndani?

YOHANE: Abusa, ndi 51 pa 100. Akhalapo zaka 6.

BAMBO: Wa mmbulu uja ali kukhoti?

YOHANE: Anavomera usiku womwewo.

BAMBO: Heee! Osadikira ndi maloya omwe? Mfiti yaulemu imeneyo. Nanga iwe chala chako unaika pa yani?

YOHANE: Ine... kuvota n'kwa nzika zokha, ababa. Mapepala anga sanatuluke.

BAMBO: Ndiye "tinatanganidwa", "tabwereza", unali kubwereza chiyani?

YOHANE: Ndimaonera pa TV. Halo? Ababa, netiweki ikuvuta...

BAMBO: Ndakwera pachulu, ndikukumva bwinobwino. Matumba awiri a Urea, limodzi la NPK. Ukachedwa, ifenso tibwereza chisankho cha mwana woyamba kubadwa, mng'ono wako ali pano akumva.