Ikeda si mneneri ayi

Munthu akangoika pa Facebook chithunzi chotchedwa Foretoken cha Manabu Ikeda, katswiri wojambula wa ku Japan, sipalephera wina wolemba kuti "bamboyu analosera". Chifukwa chake n'choti m'chithunzicho anajambula chifunde choopsa cha panyanja mu 2008, ndipo pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi tsunami (mafunde aakulu obwera chifukwa cha chivomezi) zinakantha kumpoto chakum'mawa kwa Japan, anthu oposa 18,000 n'kufa kapena kusowa.

Ine pamenepo ndimakana. Munthu wa ku Japan safunika maloto kuti aziopa nyanja. Ku Aneyoshi, m'chigawo cha Iwate, kuli mwala wakale wolembedwa kuti pasapezeke womanga nyumba kumunsi kwa malowo. Makolo awo ankadziwa kale. Kumutcha Ikeda mneneri n'kumulanda thukuta lake.

Thukuta lake ndi ili: amajambula ndi peni ya inki yansonga yopyapyala, yosakwana milimita imodzi, ndipo tsiku lathunthu amangomaliza kamalo kofanana ndi chibakera. Foretoken ukachionera patali ndi funde basi. Ukayandikira, mtima umachita myuu. M'fundemo muli nyumba zosanja, zombo, ndege, njanji, zonse zapindidwira limodzi. Anthu alimo, koma ndi tinthu toyera topanda nkhope, ndipo kuyerako si penti, ndi pepala limene wangolisiya osalikhudza. Chitsulo wachipatsa mizere yosawerengeka, munthu wamusiya mbee.

Anthu ambiri amakonda chithunzi chake china, Rebirth, chimene anajambula kuyambira 2013 mpaka 2016 ku Chazen Museum of Art, nyumba yoonetsera zojambula mumzinda wa Madison ku America. Ndi chachikulu mamita 3 kwa 4: chimtengo chamaluwa chitaima pamwamba pa zinyalala za tsoka. Amati chimapatsa chiyembekezo. Mwina. Koma ine maso anga amathamangira kutsinde, kumene kuli magalimoto ophwanyika ndi mabwinja a nyumba. Mtengowo suli pa maliro ayi. Wapeza manyowa, ukukula, ndipo sukufunsa kuti nyumbazo zinali za yani.

N'chifukwa chake zithunzi zoterezi ndimazikhulupirira kuposa zija za pakalendala, za dzuwa likulowa panyanja yabata. Zimenezo zimatinyengerera ngati chilengedwe ndi wachibale wathu.

Mukachipeza chithunzi cha Rebirth pa intaneti musangochiona mothamanga. Chikulitseni, muyang'ane kutsindeko bwinobwino, kenako mubwere tidzatsutsane.