Damir Martin sanaluze, anachita kumulanda golide

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira Lachisanu koma zandikanika. Ndilembe basi, wokwiya akwiye.

Tinali ku maphunziro a kuntchito, aja amatitsekera m'chipinda cha hotela tsiku lonse n'kutipatsa tiyi ndi masamusa awiri. Titadya nkhomaliro kunabwera bambo wina wa suti yonyezimira, aja amati ntchito yawo n'kulimbikitsa anthu. Anazimitsa magetsi n'kutiikira kanema pakhoma. Unali mpikisano wopalasa mabwato, wa amuna, aliyense m'bwato lake yekha, ndime yomaliza ya Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016. Anthu awiri akufika pamzere limodzi, Mahé Drysdale wa ku New Zealand ndi Damir Martin wa ku Croatia. Bambo aja anaimitsa kanemayo, n'kuloza Martin ndi cholembera, amvekere: "Mwamuona uyu? Uyu sanapereke mphamvu zake zonse. Mnzakeyu anangowonjezera pang'ono n'kutenga golide. Inunso mukamathawa pantchito 4 koloko m'malo mwa 5 koloko, ndinu ameneyu." Anthu m'manja.

Ine ndinapsa mtima mpaka Fanta inandiwawa m'kamwa. Sanapereke mphamvu zonse? Martin? Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndithu.

Mpikisano umenewo ndinauonera tsiku lomwelo, pa 13 Ogasiti 2016, ndipo mpaka lero umandipweteka. Mamita 2,000, makilomita awiri athunthu, ngati mutandandalika mabwalo a mpira pafupifupi 20. Martin anatsogola kuyambira koyambirira. Atadutsa theka Drysdale anamupitirira, tonse tinati zatha, mkuluyu watenganso. Koma Martin, pamene wina aliyense akanangovomereza siliva, anabwereranso ngati munthu wogwidwa ndi mizimu, nkhafi zikuchita kukhota, mpaka anamupeza mnzakeyo pamzere penipeni. Onse awiri anakhala m'mabwato mwawo akupuma wefuwefu, kuyang'ana bolodi, palibe amene ankadziwa kuti wapambana ndani. Bolodi itayankha inalemba chiyani? Drysdale, mphindi 6 ndi masekondi 41.34. Martin, mphindi 6 ndi masekondi 41.34. Nthawi imodzi. Manambala ofanana ngati mapasa. Koma wina golide, wina siliva.

Ndiye wina aimirire kutsogolo kwa anthu n'kunena kuti Martin anachita ulesi? Ayi, abale anga. Munthuyu sanaluze. Anamulanda.

Amati atakulitsa chithunzi cha kamera ya pamzere anapeza kuti Drysdale anatsogola ndi masekondi 0.005. Tengani sekondi imodzi, muigawe tizidutswa 1,000, mutolepo tisanu. Kuphethira kwa diso n'chinthu chachitali kwambiri poyerekeza ndi pamenepo. Ndinachita masamu papepala la maphunziro lomwelo, bambo aja akupitiriza kulalikira. Bwato loyenda mamita 2,000 m'masekondi 401 likuyenda pafupifupi mamita 5 pa sekondi. Ndiye kuti kusiyana konse kunali masentimita awiri ndi theka. Kachitsekerero ka botolo la Fanta kamene kanali pathebulo langa. Pamphuno ya bwato lililonse pamakhala kampira koyera, kaja amaika kuti bwato lisabaye munthu, ndipo lamulo limati kasachepere masentimita 4. Ndiye kuti anthuwa anasiyana ndi mtunda wosakwana n'kampirako komwe. Makilomita awiri akupalasa, chiweruzo n'kudzagwera pa kachitsekerero ka Fanta. Zoona?

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, nkhafi ndinaigwirapo ndili mwana, ngakhale kuti bwato lathu la chipika ndi zinthu zawo zija n'zosiyana kutalitali. Lawo limatalika pafupifupi mamita 8 koma kulemera makilogalamu 14 okha, lopyapyala loti ukangoyetsemula wagwera m'madzi. Munthu amakhala pakampando koyenda pa timawilo, nkhafi ziwiri, ina dzanja ili ina dzanja ilo, n'kumakankha ndi miyendo. Ndipo amayenda chafutambuyo. Mzere womaliza sauona, uli kumsana kwake. Koma madzi ndi madzi, ndipo aliyense amene anakhalapo m'bwato akudziwa kuti bwato siliyenda liwiro limodzi. Nkhafi zikamalowa m'madzi limakhala ngati ladodoma, zikangotuluka limathamanga. Mabwato awiri oyandikana amakhala akusinthana, uyu mphuno patsogolo, kenako uyo, kenako uyu, ngati nkhuku ziwiri zikujompha m'mbale imodzi. Amene mphuno yake yagunda mzere poyamba ndi amene mzerewo wamupeza nkhafi zili m'mwamba. Amenewo ndi mwayi, si khama. Mzere ukanakhala mita imodzi chakuno kapena chauko, chithunzi chomwecho chikanatha kuloza winayo. Ndiye tizinena kuti wina anaposa mnzake? Sanamupose. Anafika limodzi.

Ndiponso taganizirani poyambira. Mabwato aja amagwiridwa kumbuyo ndi achinyamata ogona chafufumimba pamathabwa, wina ali chapatali n'kumawauza kuti uyu kankha pang'ono, uyo kokera pang'ono, mpaka mphuno zonse zioneke ngati zafanana. Manja a munthu, pamadzi ogwedezeka. Mukufuna kundiuza kuti pamenepo sipangasochere masentimita awiri? Nanga mphepo? Nyanja ija ya Rodrigo de Freitas inavuta sabata yonse. Masiku awiri athunthu mipikisano inaimitsidwa chifukwa cha mphepo, ndipo tsiku loyamba lenilenilo anyamata awiri a ku Serbia anagubuduzika ndi bwato lawo pakati pa mpikisano. Ife a kunyanja timadziwa kuti mphepo siomba mofanana ngakhale pamabwato awiri oyandikana. Poyambira mukuyeza ndi manja, pakati mphepo ikuchita zake, koma pomaliza pokha mwatulutsa makina oyeza tsitsi. Chilungamo chake chili pati?

Ena muti lamulo la opalasa limanena kuti nthawi ikafanana chithunzi ndicho chiweruze. Ndamva. Lamulo analemba ndi anthu, ndipo analemba molakwika.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti pa Olimpiki yomweyo, mumzinda womwewo, sabata yomweyo, anthu ena anachita zinthu zaumunthu. Pa 11 Ogasiti, atsikana awiri osambira mamita 100, Simone Manuel wa ku America ndi Penny Oleksiak wa ku Canada, anagunda khoma pa masekondi 52.70 onse awiri. Anawapatsa golide onse awiri, mbendera ziwiri zinakwera, nyimbo za fuko ziwiri zinaimbidwa, dziko silinathe. Mawa lake amuna atatu, Michael Phelps, Chad le Clos wa ku South Africa ndi László Cseh wa ku Hungary, anafika pa 51.14 onse atatu kumbuyo kwa Joseph Schooling wa ku Singapore. Masiliva atatu, anakwera pachiwunda atagwirana manja. Ndiye kutacha, pa 13, Martin afika nthawi yofanana ndi mnzake, akuti ayi, iwe dikira tikulitse chithunzi. Mendulo za golide zinatha m'sitolo kodi? Kwa osambira zilipo, kwa opalasa palibe?

Osambirawo anaphunzira kalekale. Mu 1972 ku Munich, Gunnar Larsson wa ku Sweden ndi Tim McKee wa ku America anafanana pa 4:31.98, oweruza n'kukumba mpaka anapeza kusiyana kwa masekondi 0.002, golide n'kupita ku Sweden. Anthu anaona kuti n'zopusa, lamulo linasinthidwa. Anavomereza kuti dziwe lomangidwa ndi simenti silingafanane ndendende mbali zonse. Dziwe la mamita 50, lokhala m'nyumba, lopanda mphepo, eni ake akuvomereza kuti sitingayeze mpaka pamenepo. Koma a mabwato, panyanja ya makilomita awiri ya mafunde, akuti ife timayeza. Kudzikuza basi.

Ku Tokyo nako tinaona. Mutaz Barshim wa ku Qatar ndi Gianmarco Tamberi wa ku Italy analumpha mamita 2.37 onse awiri, n'kugwirizana kuti agawane golide. Dziko lonse linasangalala, kanema wake mpaka lero amayendayenda pa WhatsApp. Palibe amene anati golide wa Barshim wachepa mphamvu chifukwa mnzake alinso naye. Martin yekha ndiye wosayenera kugawiridwa?

Musandimve molakwa, Drysdale ndilibe naye mlandu. Mkulu uja ndi chimphona. Ku Beijing mu 2008 anapalasa akudwala m'mimba mpaka anakomoka atamaliza, koma anatengabe mendulo yachitatu. Ku London mu 2012 anatenga golide. Ku Rio anali ndi zaka 37, msinkhu woti ambiri a ife tikathamangira minibasi timafuna mpando msanga. Golide wake ndi wake, asunge. Ine sindikuti amulande. Ndikuti panayenera kukhala awiri. Awiri basi. Ondřej Synek wa ku Czech Republic, amene anafika wachitatu patapita masekondi pafupifupi atatu, ameneyo inde anapitiriridwa, ndipo aliyense anaona ndi maso. Koma pamene maso alephera, wotchi yalephera, mpaka mukufuna galasi lokulitsira, dziwani kuti palibe woluza pamenepo.

Ndipo mvula ikakuona litsiro siikata. Martin anabadwira ku Vukovar mu 1988, mzinda umene unaphwasulidwa pankhondo mu 1991. Ku London anatenga siliva m'bwato la anthu anayi, pamodzi ndi David Šain ndi anyamata awiri apachibale, Martin Sinković ndi Valent Sinković. Abale awiriwo atapita paokha anatenga golide ku Rio, golide ku Tokyo, golidenso ku Paris. Mnzawo amene ankapalasa nawo bwato limodzi, siliva ku London, siliva ku Rio, mendulo yachitatu ku Tokyo. Golide wa Olimpiki alibe. Tsiku limodzi lokha limene anamugwira m'manja, kamera inamutsomphola. Adzukulu ake akadzatsegula mabuku adzapeza kuti agogo anali achiwiri, osadziwa kuti wotchi inati anali oyamba. Ndiye pamwamba pa zonsezo, azidzaonetsedwanso pakhoma la hotela kuno kwathu ngati chitsanzo cha munthu waulesi? Mwano umenewo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene akudziwa ululu wa mamita 200 omaliza aja ndi amene anali m'bwato, miyendo itauma, chifuwa chikuyaka, maso akuchita mdima. Osati munthu wa suti amene nkhafi anangoiona pakanema, woti mutamuika m'bwato lija sangathe n'kukhala tsonga masekondi khumi. Bambo inu, ngati positi ino ikupezeni, ndikupempha mwaulemu, kanema ameneyo mumuchotse pa laputopu yanu. Fufuzani wina. Alipo ambiri amene analuza chifukwa chotayirira, amene anayamba kukondwerera asanafike pamzere. Martin mumusiye. Sanatayirire, sanagone, sanaweruke 4 koloko. Anagwira ntchito yofanana ndi ya mnzake mpaka pa sekondi, malipiro n'kusiyana. Ngati mukufuna phunziro m'kanema ameneyo, phunziro lake ndi limenelo, ndipo ife ogwira ntchito timalidziwa kale, sitifunika wotiphunzitsa.

Wina andiuza kuti nkhani ya 2016 ndikuidzutsiranji lero. Mlandu suola. Komanso matendawa sanathe. Ku Paris mu 2024, mpikisano wothamanga mamita 100, Noah Lyles wa ku America ndi Kishane Thompson wa ku Jamaica, onse 9.79. Chithunzi chija chinabweranso, kusiyana kwake masekondi 0.005 omwe aja, ngati kuti nambala imeneyi ili ndi ufiti. Phazi la Thompson linali litadutsa kale mzere, akuti ayi, timawerenga chifuwa. Mnyamata wa ku Jamaica anabwerera kwawo ndi siliva, winayo n'kumadziguguda pachifuwa kuti palibe wothamanga ngati iye padziko lapansi. Ndikudikira tsiku limene wolimbikitsa anthu wina adzatiikirenso ameneyo pakhoma.

Ndipo poti tikukamba za tinthu ting'onoting'ono timene timasintha moyo wa munthu. Pomaliza maphunziro aja tinafola kuti tilandire ya thiransipoti. Papepala losayinira panalembedwa ndalama ina, mu envulopu munali ina, yoperewera K2,000. Nditafunsa, mayi wogawa uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere: "Achimwene, mpaka kudandaula kanthu kakang'ono ngati kameneko?" Kakang'ono! Tsiku lonse mwatiuza kuti masekondi 0.005 ndi amene amasiyanitsa ngwazi ndi mlesi, madzulo omwewo K2,000 yanga yasanduka kanthu kakang'ono. Tinalipo anthu oposa 30 m'chipinda chija, chitani masamu nokha. Lolemba ndikulawirira ku ofesi ya ndalama, pepala losayinira lija ndinalijambula.