Tauni yotchedwa Chiliza, ndi munthu amene timamudumpha pankhani yake

Ku Arizona, m'dziko la America, kuli tauni ina dzina lake Tombstone. M'Chichewa tingoti Chiliza. Tangoganizani kukwera basi n'kumuuza kondakitala kuti mutsikira pa Chiliza. Dzinali linabwera ndi mkulu wina wosaka miyala, Ed Schieffelin, ndipo mbiri yake ndi ya mtundu uja umene anthu olimbikitsa anzawo pa Facebook amaukonda: anamuseka, sanagwe ulesi, mapeto ake analemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero. Ine mbiriyi ndaiwerenga kangapo, ndipo ndimaona kuti amaidula pakati. Kukanakhala kudekha kokha, Ed akanafa ndi njala siliva ali m'thumba.

Anabadwa mu 1847 ku Pennsylvania koma anakulira ku Oregon. Asanakwanitse zaka 20 anali atayamba kale kuyenda m'mapiri kufunafuna golide ndi siliva. Ku Idaho, ku Nevada, ku California, konseko anapondako, zaka zoposa 10, osaphula kanthu. Pofika mu 1877 anali munthu wa tsitsi lofika m'mapewa, ndevu zosapesa, zovala zigamba zokhazokha. Chaka chimenecho anatsatira asilikali mpaka ku Camp Huachuca, msasa umene unali utangokhazikitsidwa kum'mwera kwa Arizona.

Pano ndiime kaye. Nkhani zambiri zimanena ngati kumeneko kunali chipululu chopanda mwini. Eni ake analipo, Aapache a Chiricahua, mtundu wa anthu amene Azungu anawapeza m'dzikomo. Mu 1876 boma la America linawalanda malo amene linali litawasiyira n'kuwasamutsira ku San Carlos, ena n'kukana kupita. Msasa wa asilikali uja unabwera chifukwa cha iwowo. Ndiye Ed akamatuluka yekha m'mawa kulowera kumapiri, asilikali ankamuuza kuti mwala wokha umene akaupeze kumeneko ndi chiliza chake. Sankangomuopseza ayi. Sanalinso woyamba kukumba m'derali: Frederick Brunckow anali ndi mgodi pafupi ndi mtsinje wa San Pedro ndipo anaphedwera pomwepo mu 1860, ndipo kanyumba kake kogumuka Ed ankakagwiritsa ntchito.

Atapeza miyala imene ankaikhulupirira, malowo anawalembetsa m'dzina loti Tombstone, kuwabwezera asilikali aja nthabwala yawo. Ambiri akafika apa amaomba m'manja n'kutseka buku. Koma chimene chinatsatira n'chiyani? Ananyamula miyala ija kupita nayo ku Tucson, anthu a ndalama n'kuiyang'ana, n'kumuuza kuti ndi yachabechabe. Akuti anatsala ndi masenti 30 okha. Munthu woti wapeza amodzi mwa malo a siliva wochuluka kwambiri mu Arizona yense ankasowa ya fodya. Anayamba ulendo wofunafuna m'bale wake Al, kugwira ganyu pamgodi wina m'njira kuti apeze kamba, mpaka anakamupeza kutali kumpoto chakumadzulo, ku Signal. Nayenso Al poyamba sanatengeke nazo. Anali pantchito ya malipiro, ndipo nkhani za m'bale wakeyu zoti wapeza chuma sizinali zachilendo.

Pamgodi wa ku Signal panali Richard Gird, woyeza miyala. Uyu ndiye munthu amene ndikuti timamudumpha.

Ntchito yake inali yotere. Amatenga kachidutswa ka mwala, kukasinja mpaka kukhala ngati ufa, kuyeza kulemera kwake, kusakaniza ndi mankhwala okhala ndi mtovu, n'kuika m'kambiya pamoto waukali. Zikasungunuka, mtovu umakoka siliva yense n'kutsikira naye pansi. Kenako kamtovu kaja amakaika m'kambale kopangidwa ndi phulusa la mafupa n'kubwezeranso pamoto. Kambaleko kamamwa mtovu, pamwamba n'kutsala kadontho kowala, mwina kochepa kuposa njere ya mapira. Kadonthoko akakaika pasikelo yaing'ono, amawerengera kuti m'tani imodzi ya miyala yotero muli siliva wa ndalama zingati. Gird atachita zimenezi ndi miyala ya Ed, wabwino kwambiri unaonetsa madola pafupifupi 2,000 pa tani. Mwala womwe uja umene ku Tucson anaukana. Sunasinthe ngakhale pang'ono. Kunangopezeka munthu wodziwa kuufunsa.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ndinaionapo pakhomo. Malume anga ena anakhala zaka akukumba m'mbali mwa mtsinje kumudzi, ndipo ankasunga timiyala tawo m'kabotolo ka mafuta odzola, kokulungidwa m'kansanza, pansi pa mphasa. Tikapita kukawaona ankatitsekulira ngati akutionetsa mwana wobadwa kumene. Wogula akabwera, ndiye anali ndi sikelo, ndiye anali ndi kagalasi koyang'anira, ndiyenso ankatchula mtengo. Malume ankangoti, "Onjezerani pang'ono, bwana." Akanakana bwanji, poti iwo eni sankadziwa ngati m'kabotolomo munali nyumba ya malata kapena magalasi osweka? Kulimbikira anali nako kuposa tonsefe. Chimene analibe ndi Gird wakumbali yawo.

Ndipo Gird sanangoyeza n'kulandira yake. Anasiya ntchito yabwino, n'kugula ngolo ndi nyulu, n'kulongedza zida zake zoyezera, atatuwo n'kunyamuka kuchiyambi kwa 1878. Anagwirizana kugawana patatu mofanana, mongogwirana chanza, popanda pepala. Atafika anapeza kuti mzere wa siliva umene Ed anaupeza poyamba unali waufupi, unathera pafupi pomwepo. Akanakhala yekha, akanataya miyezi akukumba dzenje lopanda kanthu. Koma tsopano mwala uliwonse umene ankabwera nawo madzulo unkayezedwa pamsasa pomwepo, n'kudziwa koti asiye ndi koti alimbikire.

Ndikudziwa ena munena kuti popanda Ed, Gird akanayeza chiyani? Zoona, ndipo sindikumulanda ulemu wake. Mzere woyamba utatha, ndi iye amene anabwereranso kumapiri tsiku ndi tsiku mpaka anapeza malo amene anawatcha Lucky Cuss, kumene Gird anapeza madola pafupifupi 15,000 pa tani. Siliva wake akuti anali wofewa moti ukakanikizapo ndalama yachitsulo, chithunzi chake chinkatsalira pamwalapo. Kenako anapezanso malo ena a siliva otchedwa Tough Nut. Maso a mapiri anali nawo, zimenezo palibe angatsutse. Koma nzeru yake yaikulu kwa ine ndi yakuti analola kutsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a chinthu chenicheni, m'malo mofungatira chonse cha chinthu chimene palibe ankachikhulupirira. Ambiri a ife pamenepo ndi pamene timagwa. Timaopa kuberedwa mpaka kubisira ngakhale munthu amene akanatiuza chimene tili nacho.

Zoti "anayambitsa tauni" nazonso ndimazimva mosamala. Malo a tauniyo anayezedwa mu 1879, anthu atayamba kukhamukirako atamva za siliva. Chigayo chophwanyira miyala chinamangidwa m'mbali mwa San Pedro, chifukwa ku Tombstone kunalibe madzi okwanira, ndipo woyang'anira ntchito imeneyo anali Gird. Mu 1880 Ed ndi Al anagulitsa magawo awo kwa anthu a ndalama ochokera kum'mawa pamtengo wa madola 600,000. Holo yaikulu ya zisudzo yotchedwa Schieffelin Hall, imene ilipobe mpaka lero, anamangitsa ndi Al mu 1881. Mfuti zimene zinatchukitsa Tombstone padziko lonse, za wapolisi Wyatt Earp ndi anzake pafupi ndi khola la akavalo lotchedwa O.K. Corral mu Okutobala 1881, zinalira Ed atachoka kale. Iye anapereka dzina ndi chifukwa choti anthu abwere. Misewu, masitolo ndi milandu anasiyira ena.

Chimene anachita ndi ndalamazo chimandiseketsa komanso kundimvetsa chisoni. Munthu woti akanatha kukhala pakhonde moyo wake wonse, mu 1882 anagula kasitima kapamadzi n'kupita ku Alaska kukasaka golide mumtsinje wa Yukon. Kuzizira kunamubweza. Anakwatira mu 1883, nyumba yabwino anali nayo ku California, koma phazi silinkakhazikika. Ndiye mukamandiuza kuti ankalimbikira kuti atuluke mu umphawi, ndimakayika. Umphawi unatha, iye osasiya. Kusakako ndiko kunali chakudya chake, ndipo munthu wotero si chitsanzo chophweka choti n'kupatsa mnyamata amene akufuna ya fizi.

Migodi ya Tombstone nayo sinakhalitse. Atakumba kufika mamita pafupifupi 160 anakumana ndi madzi, tauni yomwe ija inkasowa madzi pamwamba. Anaika mapampu akuluakulu, koma mu 1886 moto unawononga a pamgodi wa Grand Central, mtengo wa siliva nawo ukutsika, ndipo anthu anayamba kusamuka. Mu 1929 ngakhale likulu la boma la deralo linasamukira ku Bisbee. Lero tauniyo imadya za alendo obwera kudzaona anthu akuyerekeza kuwomberana.

Gird anatenga ndalama zake n'kukagula munda waukulu ku California, kumene anayambitsa tauni ya Chino. Ed anamupeza atafa mu Meyi 1897 m'kanyumba ka kutchire ku Oregon, ali yekhayekha, ali ndi zaka 49, akusakabe miyala. Anali atalemberatu mmene adzamuikire: atavala zovala zake zosakira miyala, piki yake ndi chigubu chake cha madzi zili pambali, pafupi ndi pamene anagona masiku oyamba aja. Anthu a ku Tombstone anachitadi zomwezo. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 5 kuchokera m'tauni anaunjika miyala kutalika mamita oposa 7, mofanana ndi mulu umene wosaka miyala amaunjika posonyeza kuti malo ano ndalembetsa ine.