Inu oitana nkhondo pafoni, kafunseni ku Libya

Loweruka lapitali tinachezera pamaliro. Amayi ali m'nyumba akuimba, ife abambo tili pamoto panja. Usiku utakula ndinamva phwete kuseri kwa tenti. Phwete pamaliro! Kupita kukaona, ndapeza anyamata aunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi. Akuonera kanema uja wa kugwidwa kwa Muammar Gaddafi, mtsogoleri wakale wa Libya, magazi ali chuchuchu kumaso, anthu akumukoka uku akumuwomba mbama. Akatha akumubwezanso poyambira. Mmodzi, amene mu 2011 anali asanayambe ndi sitandade 1 yomwe, n'kunena mokweza kuti izi ndiye zoyenera atsogoleri onse a mu Africa, azungu angobwera ndi ndege zawo adzatithandize kusesa. Anzake m'manja phaphapha.

Kodi tafika pamenepa, ana inu?

Musandiyese wa Gaddafi. Munthu uja anali chilombo, ndipo inu ena amene mumazunguza uthenga uja m'magulupu a WhatsApp, woti ku Libya kunali paradaiso, nanunso ndili nanu mawu. Analanda boma pa 1 Sepitembala 1969 ali ndi zaka 27, kuchotsa Mfumu Idris, n'kukakamira pampando zaka 42 popanda chipani chomutsutsa kapena nyuzipepala yomufunsa. Omutsutsa ankapachikidwa pagulu, wailesi ya kanema ikuonetsa. Mu 1996 m'ndende ya Abu Salim ku Tripoli munaphedwa akaidi pafupifupi 1,200, ndipo amayi awo anapitiriza kupititsa zakudya ndi zovala kundendeko kwa zaka, osadziwa kuti ana awo anatha kalekale. Ndege imene inaphulitsidwa ku Lockerbie, ku Scotland, mu 1988, mlandu umene boma lake linadzauvomera, inapha anthu 270. Pamene Tanzania inkapirikitsa Idi Amin mu 1979, Gaddafi anatumiza asilikali kukateteza Aminiyo. Charles Taylor wa ku Liberia ndi Foday Sankoh wa ku Sierra Leone, amene anyamata ake ankadula anthu manja, anaphunzira za nkhondo m'misasa ya ku Libya. Ndiye ameneyu mumuike pa sitetasi n'kumamutchula mkango wa Africa? Munafunsako mayi mmodzi wa ku Benghazi? Ngakhale kuno kwathu, atabwera mu 2002 ndi mdipiti wa galimoto anthu anavina mpaka fumbi koboo. Chipatala chimene analonjeza pa Kameza mu Blantyre, ndani mwa inu anakalandirako ngakhale panado?

Koma nkhanza za munthu mmodzi sizisandutsa nkhondo kukhala mpira woti muzichemerera.

Zinayamba pa 15 Febuluwale 2011 ku Benghazi, atagwidwa loya Fathi Terbil amene ankaimira mabanja a akaidi a ku Abu Salim aja. Anthu analowa mumsewu ndi mkwiyo woyenera. Gaddafi anawayankha ndi zipolopolo, kuwatchula makoswe, n'kulonjeza kuwasaka nyumba ndi nyumba. Pa 17 Malichi bungwe la United Nations linavomereza chigamulo nambala 1973, choti anthu wamba atetezedwe. South Africa, Nigeria ndi Gabon anavomera. Russia, China, Germany, India ndi Brazil anangopinda manja. Patangopita masiku awiri ndege za France zinayamba kuponya mabomba, mgwirizano wa asilikali wa maiko a azungu wa NATO n'kutenga ntchitoyo, ndipo sinaleke mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndege zitauluka maulendo oposa 26,000. Kuteteza anthu wamba kwake n'kumeneko? Jacob Zuma ndi atsogoleri anzake a African Union anapita ku Tripoli mu Epulo ndi mfundo zoti mbali ziwirizo zikambirane. Ku Benghazi anawakanira pamaso. Akambiranenso chiyani anthu oti ndege zili kumbali yawo, mfuti za ku Qatar zikutsika usana ndi usiku?

Tripoli inagwa mu Ogasiti. Pa 20 Okutobala ndege zinaphulitsa mdipiti wa galimoto za Gaddafi akuthawa mumzinda wa Sirte, ndipo anakamupeza m'paipi ya madzi pansi pa msewu. Kanema amene mukusekayo ndi wa tsiku limenelo. Panalibe khoti, panalibe woweruza. Amayi a ku Abu Salim sanamumve akuyankha funso ngakhale limodzi: ana athu anawalamula ndani kuti aphedwe, anawakwirira kuti. Anapita nazo m'mimba. Mtembo wake ndi wa mwana wake Mutassim anakauika m'chipinda chozizira cha pamsika ku Misrata, anthu n'kuima pamzere masiku angapo kujambula ndi mafoni, kenako kukakwirira kuchipululu mwachinsinsi. Chilungamo chimenecho? Mukufuna ana anu adzaphunzire kuti milandu imaweruzidwa chonchi?

Kanema wanu amathera pomwepo, bandulo n'kutha, inu n'kukagona. A ku Libya anadzuka m'mawa mwake m'dziko limene mnyamata aliyense ali ndi mfuti, tauni iliyonse ili ndi gulu lake la nkhondo, ndipo palibe wofuna kubweza chida. Misrata ili ndi asilikali ake, Zintan ake, Benghazi ake. Amene anagwirizana podana ndi munthu mmodzi, munthuyo atafa anatsala akuyang'anizana okhaokha. Mwaiwala kuti walira mvula walira matope?

Ndipo inu amene mukuwomba m'manja, tadziyang'anani khungu. Mukadakhala ku Tripoli mu Ogasiti 2011, mukuganiza mukadakhala mbali iti ya mfuti? Anthu akuda ochokera ku Niger, Chad, Mali, Ghana ndi Nigeria, amene anapita kukawomba njerwa, kukamanga nyumba ndi kusesa m'misewu, ankagwidwa pamarodibuloko n'kumanenedwa kuti ndi aganyu a nkhondo a Gaddafi. Umboni wake? Khungu basi. Tawergha, tauni ya nzika zakuda za Libya yemweyo, anthu oposa 30,000, inasesedwa yonse ndi magulu a ku Misrata pobwezera zimene asilikali a Gaddafi anachita pozinga mzinda wawo. Nyumba kutenthedwa, agogo ndi makanda kukakhala m'misasa zaka ndi zaka. Khanda linawombera ndani? Mu Febuluwale 2015 gulu la Islamic State linadula mitu amuna 21 m'mphepete mwa nyanja, ambiri a iwo Akhristu a ku Egypt amene anangopita kukafuna maganyu, ndipo posakhalitsa Sirte yense anali m'manja mwa gululo. Mu Novembala 2017 CNN inaonetsa anyamata akuda akugulitsidwa pa okushoni, wina pa madola 400. Akapolo, m'zaka zathu zino, m'dziko limene munati lamasulidwa! Mu Julayi 2019 bomba linagwa pa ndende yosungira othawa kwawo ku Tajoura n'kupha anthu oposa 50, amene analibe ndi kothawira komwe chifukwa anawatsekera. Amenewo kanema wawo bwanji simuzunguza? Sakusekesani?

Tsono za alendo amene mukuwaitanawo. Mukuwadziwa? Tony Blair wa ku Britain anakagwirana chanza ndi Gaddafi mu tenti mu 2004. Nicolas Sarkozy wa ku France anamulandira ku Paris mu Disembala 2007, mpaka kumulola kukhoma tenti yake mumzindamo. Abu Salim inali itachitika kale, Lockerbie inali itachitika kale, ndipo iwo ankadziwa zonse. Sizinawaletse kukambirana za mafuta ndi zida. Sarkozy yemweyo ndiye anali woyamba kutumiza ndege, ndipo mu Sepitembala 2011 iye ndi David Cameron wa ku Britain anakaima ku Benghazi anthu akuwakuwira ngati opulumutsa. Kenako anakwera ndege kubwerera kwawo. Anzawo dzulo, adani lero, mawa osakudziwa n'komwe. Inu mukuganiza kuti ndinu ndani kwa iwo? Libya ili ndi mafuta ambiri pansi pa nthaka kuposa dziko lililonse mu Africa, koma anaisiya ikuyaka. Nanga dziko lopanda ndi dontho lomwe la mafuta adzalidikirira mpaka liti?

Eni akewo anavomereza okha. Mu 2016 Barack Obama ananena poyera kuti kusakonzekera zimene zidzachitike Gaddafi atachoka ndiko kulakwitsa kwake kwakukulu pa upulezidenti wake. Chaka chomwecho komiti ya nyumba ya malamulo ya ku Britain inadzudzula Cameron kuti analowa nkhondoyo popanda kudziwa bwino zimene zinali pansi, komanso popanda pulani ya pambuyo pake. Iwo analemba malipoti, kuvomereza kulakwitsa pa kanema, n'kupitiriza kumwa tiyi kwawo. Kazembe wa America, Christopher Stevens, ataphedwa ku Benghazi pa 11 Sepitembala 2012 dziko lonse linamva dzina lake. Mayina a ana a ku Libya amene anafa sabata yomweyo ndani akuwadziwa? Pofika 2014 akazembe ankatseka maofesi n'kuthawa, bwalo la ndege la Tripoli likusanduka phulusa, dziko lili ndi maboma awiri. Amene anaponya mabomba akuti analakwitsa, ndiye iwe mwana wa dzana uli pa foni ya ngongole ukuti abwerenso?

Ndipo mlendo akalawa sabwera yekha. Mu Epulo 2019 Khalifa Haftar, mkulu wa asilikali a kum'mawa kwa Libya, ataukira Tripoli, kumbuyo kwake kunali United Arab Emirates, Egypt ndi asilikali aganyu a Wagner a ku Russia, pamene Turkey inaikira kumbuyo boma la ku Tripoli. Aliyense kudzayesera zida zake zatsopano pa madenga a anthu. Anyamata a ku Syria, Sudan ndi Chad kulembedwa ganyu yodzapha anthu amene sanawalakwire kanthu. Anasiya kuwomberana mu Okutobala 2020, n'kulonjeza chisankho pa 24 Disembala 2021. Chisankhocho munachiona?

Moto sunathere m'malire a Libya. Nkhokwe za zida za Gaddafi zitatsekuka, mfuti zinayenda m'chipululu chonse. Atuareg, anthu a m'chipululu cha Sahara, amene ankamumenyera nkhondo anabwerera ku Mali ndi zida, ndipo mu 2012 Kidal, Gao ndi Timbuktu zinagwa. Asilikali anachotsa Pulezidenti Amadou Toumani Touré, mmodzi wa aja anapita ndi Zuma kukapempha mtendere ku Libya. France inalowanso mu Januwale 2013, n'kudzachoka patapita zaka pafupifupi khumi nkhondo isanathe, itafalikira kale ku Burkina Faso ndi Niger. Mlimi wa mapira wa ku Burkina Faso anavotera chigamulo 1973? Anamufunsa ndani?

Kenako Derna, mzinda wa kum'mawa kwa Libya. Mu Sepitembala 2023 namondwe Daniel anagwetsa mvula yoopsa, madamu awiri a kumtunda kwa mzindawo n'kuphulika usiku anthu ali m'tulo. Madamu omangidwa m'ma 1970, amene akatswiri anali atachenjeza kale kuti akufunika kukonzedwa. Anthu oposa 4,000 anatsimikizika kuti afa, masauzande ena osapezeka, nyumba zosanja kukokoloka ndi mabanja onse mpaka m'nyanja. Gaddafi sanawasamale madamuwo, omulowa m'malo anali otanganidwa ndi kulimbirana banki ndi zitsime za mafuta. Damu alikonze ndani m'dziko la maboma awiri? Ife amene tinaona zimene Freddy anachita ku Chilobwe ndi Soche chaka chomwecho, tiyenera kuchita kuuzidwa kuti madzi a usiku amatani?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti si ana okha. Abambo a ndevu zoyera, akuluampingo, aphunzitsi amene, mukuzunguza zinthu zimenezi m'magulupu a mabanja, n'kuikapo tizithunzi toseka. Wina kulemba kuti kuno kukufunika kukhetsa magazi pang'ono kuti zinthu zilongosoke. Pang'ono! Magazi a ndani? A mwana wanu uja ali ku sekondale? A mkazi wanu ali pamzere wa kuchigayo? Inu a ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, si inu amene munalandira abale athu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, akubwera ndi mphika umodzi pamutu, ena opanda miyendo chifukwa cha mabomba okwirira? Mwaiwala kale? Simunawauze ana anu? Ndipo pa 14 Juni 1993, pamene tinakana ulamuliro wa chipani chimodzi, ndi ndege ya dziko liti imene inaponya bomba? Tinaima pamzere padzuwa ndi kapepala m'manja. Ndende zinalipo, mantha analipo, anthu anafa ndithu panjira yofika pa tsiku limenelo, koma palibe amene anaitana mlendo kuti adzagumule Lilongwe pofuna kuipulumutsa.

Mtsogoleri wakukwiyitsani? Mutsutseni, mugube n'kumuuza, mupititseni kukhoti, muchotseni ndi voti, ndipo akaba akayankhe ali moyo pamaso pa amene anawabera. Koma zomakhala pakhonde mutakhuta nsima n'kumaitana ndege za eni, zomaseka munthu akuphedwa, kaya anali woipa chotani, zimenezo ayi. Simunagonepo kutchire. Simunakwirirepo mwana m'mphepete mwa msewu n'kupitiriza kuthawa. Kulira kwa mfuti mumakumvera m'mafilimu.

Fufutani zonyansazo m'mafoni mwanu, ndipo pa nkhani ya nkhondo tsekani pakamwa.